Chifuwa Chokhalitsa: Mphumu, Chithokomiro ndi Kupimitsa Koyenera

 Nkhani yathu ya lero ndi ya chifuwa chimene chimakana kutha. Munthu watsokomola mwezi wathunthu, wachiwiri walowa. Wamwa madzi a mandimu, wadzifukiza ndi nthunzi ya masamba a bulugamu, wagula makapisozi pa okala, koma usiku ukafika nyumba yonse siona tulo. Ndifuna kuti tione pamodzi m'mene madokotala amafufuzira chifuwa chotere, ndiponso chifukwa chake matenda awiri amene ambiri a ife timayesa kuti ngotalikirana, ndiwo mphumu ndi chithokomiro, ayenera kuganiziridwa limodzi.

Poyamba tigwirizane za mawu. Kutsokomola pakokha ndi ntchito yabwino ya thupi, pakuti ndiyo njira imene mapapo amatulutsira fumbi, utsi ndi makhololo. Chifuwa cha chimfine chimabwera n'kupita chokha, kawirikawiri pasanathe milungu 3. Koma chikapitirira milungu 8 mwa munthu wamkulu, kapena milungu 4 mwa mwana, madokotala amachitcha chifuwa chokhalitsa, ndipo funso lawo lalikulu limakhala lakuti: kodi chikuchititsa n'chiyani? Mankhwala amadzi otsekemera aja angathe kutonthoza kummero usiku umodzi, koma muzu wa matenda sauzula.

Kuno kwathu sitidikira kuti milungu 8 ikwane. Langizo la a zaumoyo ndi lakuti aliyense amene watsokomola milungu 2 akapimitse chifuwa chachikulu, ndipo amene ali ndi kachirombo ka HIV asadikire n'komwe milungu iwiriyo. Kachirombo koyambitsa chifuwa chachikulu kanadziwika pa 24 Malichi 1882, pamene Robert Koch wa ku Germany anakalengeza kwa madokotala anzake, ndipo mpaka lero matendawa akutengabe anthu m'dziko lathu. Zizindikiro zake ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi, kusafuna chakudya, ndipo nthawi zina magazi m'makhololo. Kuchipatala amatenga makhololo n'kuwapima ndi makina a GeneXpert, amene bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawavomereza mu 2010; angathenso kujambula pachifuwa ndi kupima magazi. Akapeza matendawa, mankhwala ake ndi a miyezi 6, ndipo m'zipatala za boma salipitsa. Khomo limeneli ndilo loyamba, ndipo palibe ayenera kulilumpha, chifukwa chifuwa chachikulu chimapatsirana ndipo chingalowe banja lonse.

Nanga zotsatira zikabwera zakuti chifuwa chachikulu palibe? Apa ndi pamene ambiri amatayira mtima, nabwerera kumudzi akunena kuti achipatala sanapeze kanthu, ndipo posakhalitsa m'mudzimo mumayamba manong'onong'o akuti pali munthu amene wachita zimenezi. Chonsecho kufufuza kumakhala kutangoyamba kumene. Dokotala wosamala amafunsa ngati munthuyo amasuta fodya, kapena ngati amakhalitsa m'khitchini yodzaza utsi wa nkhuni ndi zitsononkho. Amafunsa ngati anadwalapo chifuwa chachikulu kale, popeza chimasiya zipsera m'mapapo zimene zimatsokomoletsa munthu ngakhale atachira. Amafunsa za chilungulira, chifukwa madzi owawa a m'mimba akamakwera usiku amapsereza kummero. Amafunsa za mamina otsikira kukhosi, ndi za kutupa kwa miyendo kumene kumasonyeza mtima wofooka. Amafunsanso za mankhwala amene munthu akumwa kale, pakuti ena a kuthamanga kwa magazi, monga enalapril ndi captopril, amabweretsa chifuwa chouma mwa anthu ena, ndipo chimatha dokotala akawasintha. Tsono pakati pa zifukwa zonsezi, chimodzi mwa zopezekapezeka ndicho mphumu.

M'mapapo mwathu muli tinjira ta mpweya tambirimbiri, togawikana ngati nthambi za mtengo. Mwa munthu wa mphumu, m'kati mwa tinjira timeneti mumakhala motupa ndi mosachedwa kunyanyuka. Akapuma chinthu chimene thupi lake limadana nacho, minofu yozungulira tinjirato imafinya, mamina olimba amadzaza, ndipo mpweya umatuluka movutikira, ukulira ngati likhweru. Koma ndikupemphani kuti mumvetse ichi: pali anthu ena a mphumu amene sabanika kwenikweni ndipo pachifuwa pawo sipalira; chizindikiro chawo chimodzi chokha ndi chifuwa chouma, chobwera usiku kapena mbandakucha, pothamanga, poseka, kapena potuluka panja kukuzizira. Oterewa amatha zaka akumwa makapisozi opha tizirombo, pamene matenda awo sachokera ku tizirombo konse. Mphumu sipatsirana, koma imayenda m'magazi a banja. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu okwana 262 miliyoni anali ndi mphumu pa dziko lonse, ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo m'maiko osauka kumene mankhwala oyenera safika msanga.

Mphumu ya anthu ambiri, makamaka yoyamba paubwana, ndi ya chiwengo. Chiwengo ndiko kunena kuti chitetezo cha thupi chalakwitsa mdani: chikuona mungu wa maluwa, ubweya wa mphaka kapena fumbi la m'bulangete ngati chinthu choopsa, n'kuyamba nkhondo yosafunika. Mu 1966, Kimishige Ishizaka ndi mkazi wake Teruko, akatswiri a ku Japan amene ankagwira ntchito ku Denver m'dziko la America, anazindikira kanthu ka m'magazi kotchedwa IgE kamene kamayatsa nkhondo imeneyi. N'chifukwa chake munthu wa mphumu yotere nthawi zambiri amakhalanso woyetsemulayetsemula, wa maso oyabwa, kapena wa khungu lotuluka zidzolo.

Taganizirani tsono chaka cha mlimi wa kwa Kapondo. M'nyengo ya dzinja chimanga chimatulutsa ngayaye ndipo mungu umawuluka, makoma amanyowa ndipo chuku chimamera. Pambuyo pake pamabwera ntchito ya m'zigafa, kusankha ndi kumanga fodya wouma m'fumbi lake loyabwa. Kenaka kutong'ola ndi kupeta chimanga, kuswa mtedza, kumenya soya, kuthira mankhwala a ufa m'matumba, ndi fumbi la ku chigayo. Mu Juni ndi Julaye kumabwera chisanu, anthu n'kumaotha moto m'nyumba yotseka. Kuyambira Ogasiti mpaka Okotobala kuli utsi wa tchire ndi fumbi la m'misewu. M'nyumba momwemo muli mphemvu, nthenga za nkhuku, utsi wa koloboyi ndi wa zofukizira udzudzu, ndi tizirombo tosaoneka ndi maso tokhala m'zofunda ndi m'matiresi. Ngakhale utsi wa lubani m'tchalitchi umabanikitsa ena, ndipo woteroyo asachite manyazi kukhala pafupi ndi khomo. Kupima chiwengo pakhungu kapena m'magazi sikupezeka m'zipatala zing'onozing'ono. Motero chida chachikulu cha dokotala ndi mawu a wodwala mwini wake. Amene angathe kunena kuti, "Chifuwa changa chimakula ndikalowa m'chigafa, ndipo chimachepa ndikapita kukacheza kwa abale kutali," wamuthandiza dokotala koposa.

Kumene zida zilipo, wodwala amauzira mpweya mwamphamvu m'kachipangizo koyeza mphamvu ya mapapo, kamene dokotala wa ku England, Martin Wright, anakonza m'zaka za m'ma 1950. Amayeza, n'kumupatsa mankhwala opopera m'kamwa, n'kuyezanso patapita mphindi 15. Mphamvu ikakwera moonekeratu, ndiye kuti tinjira tija tinali tofinyika ndipo tamasuka, chimene ndi chizindikiro cha mphumu. Kumene zida kulibe, dokotala amapereka mankhwala a mphumu kwa milungu ingapo, n'kuuza wodwala kuti abwerenso adzafotokoze m'mene akupezera. Ulendo wachiwiriwo ndi mbali ya kupima komweko, ndipo wosabwerera wadula kufufuzako pakati.

Mankhwala opopera ali mitundu iwiri. Salbutamol, amene kawirikawiri amakhala m'kampope kobiriwira ngati mtambo, amatsekula tinjira pa mphindi zochepa, koma kutupa kwa m'kati sakuchotsa. Beclomethasone, amene kawirikawiri amakhala m'kampope kofiirira, ndiye amachotsa kutupako pang'onopang'ono, ndipo amafunika tsiku ndi tsiku, ngakhale munthu akupeza bwino. Akatha kupopa atsuke m'kamwa. Kuyambira 2019, bungwe la akatswiri a mphumu lotchedwa GINA linaleka kulangiza kuti achikulire azidalira salbutamol yekha. Pali mphekesera yakuti kampope ndi ka anthu amene atsala pang'ono kufa, kapena kuti munthu akakayamba sangathenso kupuma popanda iko. Zimenezi n'zabodza. Mankhwala opopera amapita molunjika m'mapapo, ndipo muyeso wake ndi wochepa kusiyana ndi wa mapiritsi. Mu 1999, madokotala a ku Cape Town anasonyeza kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500, lobooledwa pansi kuti kampope kalowe, limathandiza mwana kukoka mankhwala bwino lomwe monga chida chogula. Ndipo kafukufuku wa ana 120 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anasindikizidwa mu 2021, anapeza kuti ana amene anapimidwa bwino, napatsidwa mankhwala opopera oyenera, naphunzitsidwa kagwiritsidwe kake pamodzi ndi makolo awo, anachepetsa kujomba kusukulu ndi kuthamangira kuchipatala mwadzidzidzi.

Tsopano tikwere kuchoka m'chifuwa tifike pakhosi, pakuti mpweya usanafike m'mapapo umayamba wadutsa m'kholingo. Kutsogolo kwa kholingo, m'munsi mwa khosi, kuli kachiwalo kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, kamene madokotala amakatcha thyroid. Kamapanga timadzi timene timalamulira liwiro la thupi lonse: kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi, kugayika kwa chakudya, ndi kukula kwa ubongo wa mwana. Kuti kagwire ntchito kamafuna ayodini, mamaikulogalamu 150 pa tsiku kwa munthu wamkulu ndi 250 kwa mayi woyembekezera. Muyeso wochepa kwambiri, wakuti wa moyo wonse wa munthu sungadzaze n'kasupuni ka tiyi komwe. Ayodini akasowa, kachiwaloka kamadzikuza pofuna kukola wochepa amene alipo, ndipo kutupa kumeneku ndiko timati chithokomiro.

Nthaka ya kumtunda, yotalikirana ndi nyanja ya mchere ndiponso yokokoloka ndi mvula zaka zambirimbiri, imakhala yosauka ayodini, ndipo mbewu zomera pamenepo zimatengera usiwa womwewo. Chinangwa chowawa chosaviikidwa bwino chimaonjeza vutoli. Dziko la Switzerland, limene linali ndi chithokomiro chochuluka m'mapiri ake, linayamba kuthira ayodini mu mchere mu 1922. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo lotere m'zaka za m'ma 1990, ndipo kafukufuku wa m'dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana a sukulu ndi amayi ambiri akupeza ayodini wokwanira. Komabe amayi ambiri amene lero ali ndi zaka 50 kapena 60 anakula mchere woterewu usanafale, ndipo ena mwa iwo akali ndi chithokomiro cha kalekale. Palinso chithokomiro china chosachokera ku kusowa kwa ayodini, ndipo matenda a kachiwaloka amagwira amayi kuposa abambo.

Tinene mosabisa kuti zithokomiro zambiri sizitsokomoletsa, ndipo anthu ambiri otsokomola alibe vuto la pakhosi. Koma chithokomiro chikakula, makamaka chikamakulira m'kati, kutsikira kuseri kwa fupa la pachifuwa kumene maso saona, chimapanikiza kholingo monga m'mene phazi limapondera paipi ya madzi. Munthu amatsokomola chouma, amabanika akagona chagada, mpweya wake umalira, ndipo aliyense amati ndi mphumu. Kusiyana kwake n'kotere: kulira kwa mphumu kumachokera m'chifuwa, kumamveka kwambiri potulutsa mpweya, kumabwera n'kupita, ndipo kumamva mankhwala opopera. Kulira kwa kholingo lopanikizika kumachokera pakhosi, kumamveka kwambiri pokoka mpweya, kumakulirakulira pang'onopang'ono, ndipo kampope sikathandiza. Nthawi zina mawu amasasa ndipo nsima imavuta kumeza. Dokotala amapatsa wodwala madzi kuti ameze, chifukwa chotupa cha thyroid chimakwera ndi kutsika pomeza, pamene mwanabere wa chifuwa chachikulu, amene amatuluka m'mbali mwa khosi, satero. Angathenso kumuuza kuti akweze manja onse awiri pamwamba pa mutu. Nkhope ikadzaza magazi ndipo kupuma kukavuta, ndi chizindikiro cha chithokomiro chobisala m'chifuwa, chimene dokotala Hugh Pemberton anachifotokoza mu 1946. Pambuyo pake pamafunika kupima magazi kotchedwa TSH, kuunika khosi ndi makina, ndi kujambula pachifuwa, ndipo zina mwa izi zimafuna ulendo wa ku chipatala cha boma ku Mchinji kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Chithokomiro chopanikiza kholingo chimachotsedwa ndi opareshoni, ntchito imene Theodor Kocher wa ku Bern anaikonza bwino mpaka kulandira mphotho ya Nobel mu 1909. Kutema mphini pakhosi sikuchiphwetsa, ndipo kumwa ayodini wopaka pa zilonda n'koopsa.

Pali njira inanso imene kachiwaloka kamasokonezera nkhani ya chifuwa. Kakamagwira ntchito mopyola muyeso, munthu amaonda ngakhale akudya kwambiri, amatuluka thukuta, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, tulo timasowa, ndipo ena maso amatuzuka. Kodi simukuona kuti kuonda ndi thukuta zikufanana ndi za chifuwa chachikulu? Kakamagwira ntchito mochepera, munthu amafooka, amamva kuzizira, amanenepa, khungu limauma, mawu amasasa, ndipo amafunika mapiritsi a levothyroxine, kawirikawiri kwa moyo wake wonse.

Tsono mvetserani bwino apa, abale anga, chifukwa ndipo pagona moyo wa munthu. Munthu mmodzi angathe kukhala ndi matenda onse awiri, ndipo mankhwala a matenda amodzi angathe kuvulaza pa enawo. Tiyerekeze mayi wa mphumu amene thyroid yake yayamba kuthamanga. Mphumu yake imavuta kuposa kale, amapopa salbutamol pafupipafupi, ndipo salbutamolyo amaonjeza kuthamanga kwa mtima ndi kunjenjemera. Akapita ku chipatala china kukadandaula za mtima wokha, osatchula za mphumu, angapatsidwe propranolol, mankhwala amene amapatsidwa kawirikawiri pofuna kukhazika mtima wothamanga. Kwa munthu wopanda mphumu ndi mankhwala abwino. Kwa munthu wa mphumu angathe kutseka tinjira ta mpweya mpaka kumupha, ndiponso amalepheretsa salbutamol kugwira ntchito pa nthawi imene akufunika koposa. Dokotala akadziwa za mphumu amasankha mankhwala ena. Momwemonso aspirin ndi ibuprofen amautsa mphumu mwa anthu ena. Ndipo mapiritsi a prednisolone ogula pa msika, ngakhale amapepuza chifuwa masiku oyamba, akamwedwa nthawi yaitali amafewetsa mafupa, amakweza shuga, ndiponso amafooketsa chitetezo cha thupi kotero kuti chifuwa chachikulu chimapeza mpata. Amene akumwa carbimazole pofuna kuchepetsa liwiro la thyroid, akamva zilonda kummero ndi kutentha thupi, aleke kumwa n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo kukapimitsa magazi.

Ife a m'malire tili ndi chifukwa china chokhalira osamala. Wina amalandira mankhwala a mphumu ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo, za mtima amapita ku Kapiri kapena ku St Gabriel ku Namitete, ndipo akakacheza kwa abale ku Zambia amakaonanso dokotala ku Mwami kapena ku Chipata. Aliyense wa madokotala amenewa amaona mbali imodzi yokha ya munthuyo. Chimene chingawalumikize ndi buku la kuchipatala ndi pakamwa pa wodwala. Motero khalani ndi buku limodzi, muziyenda nalo kulikonse, ndipo musagule latsopano pofuna kubisa zakale. Tengani mapepala ndi mabotolo a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale azitsamba, mukawayale pa tebulo la dokotala. Ndipo inu amayi amene mumaphimba khosi ndi mpango chifukwa cha manyazi, kumbukirani kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Masulani mpangowo, munene kuti chotupacho chinayamba liti ndipo ngati chikukula. Inu abambo, perekezani akazi anu, ndipo ndalama ya ulendo wa kuchipatala muiike padera pamene mwagulitsa mtedza ndi fodya, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse.

Pakhomo napo pali zochita. Phikirani pamalo podutsa mphepo ndi nkhuni zouma. Yanikani zofunda padzuwa. Wazani madzi musanasese. Wa mphumu asagone m'chipinda chosungiramo fodya kapena matumba othiridwa mankhwala, ndipo wosuta asasutire m'nyumba. Gulani mchere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, muusunge m'chotengera chotseka, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi, chifukwa ayodini amauluka. Mchere umenewu umateteza ana ndi amayi oyembekezera, ngakhale kuti chithokomiro chakale cholimba sichiphwa nawo.

Potsiriza, sungani pamtima zizindikiro zimene sizilola kudikira kuti kuche: munthu akamalephera kutsiriza mawu chifukwa cha befu, milomo ikayamba kuda, kampope kakapanda kuthandiza, mpweya ukamalira pakhosi iye ali chikhalire, kapena akatsokomola magazi. Pamenepo funani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo. Chotupa cha pakhosi chokula msanga, cholimba, chobwera ndi kusasa mawu, nachonso chionedwe mwamsanga, monganso kuvutika kumeza kumene kukukulirakulira, popeza khansa ya kummero ndi yochuluka m'dziko lathu. Kwa ena nonse amene chifuwa changokhalitsa, ndondomeko ndi imene tafotokozayi: pimitsani makhololo, fotokozani nthawi ndi malo pamene chifuwa chimakula, onetsani khosi, tchulani mankhwala onse, ndipo bwererani pa tsiku limene dokotala wakuuzani. Ngati mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ali pafupi, yambani ndi iyeyo mawa lomwe.